Mankhwala otsukira mano a ana: a 500 ppm aja akukwaniradi?

Make Tadala
Moni nonse pagulu. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere. Mwana wanga ali ndi zaka 2 ndi miyezi ingapo, ndipo chimerereni mano ndakhala ndikumugulira mankhwala otsukira mano olembedwa kuti ndi a ana, aja a zithunzi za tinyama pachubu. Dzulo alamu anga atabwera anatenga chubucho n'kuwerenga kumbuyo. Akuti palembedwa 500 ppm, pomwe pa omwe timatsukira akuluakulufe palembedwa 1450 ppm. Iwo akuti a anawo ndi ofooka, sateteza mano mokwanira. Koma ine ndinamva kuti fluoride, yemwe amaikidwa m'mankhwalawa kuti ateteze mano, akachuluka amawononganso mano a mwana, nanga si mwana amameza. Ndiye nditani? Amene mukudziwa ndithandizeni chonde.

Bambo a mapasa
Mayi, ine ndingati pitirizani ndi a anawo. Anachita kuwapanga dala ofooka chifukwa mwana wa msinkhu umenewo kulavula sadziwa. Anga awiriwa ukangowaika mswachi m'kamwa, amaugwira ndi mano n'kuyamba kuyamwa. Thovu lonse limathera m'mimba. Ndiye a akuluakulu ndingawapatse bwanji?

Agogo a Mphatso
Ana anga, kodi si mano ogweluka amenewa? Akafika zaka 6 adzagwa okha, n'kumera ena atsopano. Bwanji osadikira okhalitsawo, ndiye n'kumasamala bwino? Ndikungofunsa, musandikwiyire.

Make Tadala
Palibe wokwiya agogo, nanenso nthawi zina ndimaganiza choncho.

Adokotala a mano
Zikomo Make Tadala chifukwa chofunsa, funso limeneli ndimakumana nalo kawirikawiri kuntchito. Alamu anuwo sanakunamizeni.

Ndiyambe ndi nambalayo. Mankhwala akalembedwa 1000 ppm, ndiye kuti mu galamu imodzi muli miligalamu imodzi ya fluoride. A 500 ppm muli theka lake. Bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa kafukufuku amene anachitika kale n'kuona zomwe akunena akaikidwa pamodzi, linaunika nkhaniyi mu 2010 n'kudzabwerezanso mu 2019. Linapeza kuti chitetezo chooneka bwino chimayambira pa 1000 ppm kupita m'mwamba. Mu lipoti la 2010 lija, mankhwala a 440 mpaka 550 ppm sanaonetse kusiyana kogwirika ndi mankhwala opanda fluoride n'komwe.

Mu 2013 ofufuza a ku Brazil anayang'ana makamaka ana osayamba sukulu. Anapeza kuti mankhwala ofookawa amawonjezera mpata woti mano oyamba awole, koma sanachepetse mawanga oonekera pa mano okhalitsa akutsogolo. Apa mpamene ine mtima umandipwetekera. Kholo limagula a 500 ppm pofuna kupewa mawangawo, koma mawanga silinawapewe, ndipo chitetezo lachepetsa.

N'chifukwa chake mu 2021, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO litaika mankhwala otsukira mano pa mndandanda wa mankhwala ofunikira, linatchula a 1000 mpaka 1500 ppm.

Bambo a mapasa, nkhawa yanu ya kumeza ndi yoona ndipo sindikuichepetsa. Koma yankho lake lili pa kuchuluka kwa zomwe mwafinyira pa mswachi. Mwana wosakwana zaka 3, mungopaka kochepa, kukula kwake njere imodzi ya mpunga. Kuyambira zaka 3 mpaka 6, njere ya nsawawa. Mphamvu ikhale 1000 ppm kapena kuposa, mlingo ndiwo uchepe.

Bambo a mapasa
Adokotala, njere imodzi ya mpunga? Kameneko kangatsuke chiyani? Thovu silingabwere n'komwe.

Adokotala a mano
Thovu silitsuka mano achimwene. Chochotsa zomata pa mano ndi mswachi ndi dzanja lanu. Ntchito ya mankhwala ndi kusiya fluoride pa dzino, ndipo pa ntchito imeneyo kanjereko n'kokwanira kakamwa kakang'ono.

Aphunzitsi a sayansi
Ndiloleni ndiwerengere pang'ono, mwina zithandiza bambo a mapasa. Njere ya mpunga ija ndi pafupifupi magalamu 0.1. Pa 1000 ppm, muli mamiligalamu 0.1 a fluoride. Ngakhale mwana atameza zonse, ameza 0.1 basi. Tsopano taganizirani kholo lomwe lagula a 500 ppm, mtima uli m'malo kuti awa ndi a ana, n'kufinya mzere wautali wokwana theka la galamu. Mmenemo muli mamiligalamu 0.25. Mwana wameza kuposa kawiri zomwe akanameza pa kanjere ka amphamvu aja, koma zomwe zakhudza dzino ndi zofooka. Komanso a ana ambiri amawaika fungo ndi kakomedwe ka zipatso, ndiye mwana amachita kufuna kumeza.

Make Tadala
Eeh aphunzitsi, apa ndiye ndamva. Koma n'chifukwa chiyani mphamvu ili yofunika chonchi? Ine ndimati fluoride ndi fluoride basi.

Aphunzitsi a sayansi
Adokotala andikonze ndikapotoza. Pa mano pamakhala tizilombo, makamaka ta mtundu wa Streptococcus mutans, tomwe timadya shuga n'kutulutsa asidi. Asidiyo akachuluka mpaka pH (muyeso wa asidi, womwe umatsika asidi akamachuluka) kutsika pansi pa 5.5, chikuto cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka, michere yolimbitsa dzino ya calcium ndi phosphate n'kumachokamo. Pakapita mphindi 30 kapena kuposa, malovu amathetsa asidiyo ndipo zomwe zinachoka zija zimayamba kubwerera. Tsiku lonse dzino limakhala likutaya ndi kubwezeretsa. Fluoride akakhalapo pa dzino ndi m'malovu, amafulumizitsa kubwezeretsako, ndipo chikuto chatsopanocho chimapirira asidi kwambiri, sichisungunuka mpaka pH itsike cha m'ma 4.5. Kale anthu ankaganiza kuti fluoride amathandiza akamezedwa. Pano zikudziwika kuti ntchito yake yaikulu amagwira ali pamwamba pa dzino. Ndiye dzino limapindula ndi mphamvu ya zomwe zalikhudza, pomwe thupi limalandira kuchuluka kwa zomwe zamezedwa.

Adokotala a mano
Palibe chokonza aphunzitsi. Ndingowonjezera kuti chikuto cha mano oyamba n'chopyapyala, pafupifupi theka la cha mano okhalitsa. Kabowo kakangoyamba, sikachedwa kufika pa mtsempha.

Ndipo agogo, sindinakuiwaleni. Mano oyamba alipo 20. Akutsogolo ndi amene amagweluka pa zaka 6 kapena 7, koma otafunira akumbuyo amakhala mpaka zaka 10, 11, ena 12. Dzino lomwe labowoka mwana ali ndi zaka 3 likuyenera kumutumikira zaka zina 8. Silingafike. Lidzapweteka, mwana adzasiya kutafunira mbali imeneyo, usiku osagona, kusukulu kujomba. Likachita mafinya kumuzu, mafinyawo amatha kuwononga dzino lokhalitsa lomwe likukula pansi pake. Tikalizula msanga, oyandikana nawo amasendera pa mpatawo, lokhalitsa n'kusowa potulukira, n'kumera mopingasa. Komanso tizilombo tomwe tadzaza m'mabowo sitigweluka nawo limodzi manowo, timatsala m'kamwa kudikira atsopano. Lipoti la WHO la 2022 linati ana pafupifupi 514 miliyoni padziko lonse ali ndi mano oyamba owola. Si nkhani yaing'ono ayi.

Agogo a Mphatso
Zoti akumbuyo amafika zaka 12 ndiye ndazimva lero. Mdzukulu wanga wamkulu anavutikadi ndi dzino lakumbuyo, tsaya linachita kutupa mpaka diso kuchepa. Ankalira atagwira khutu, ife kumaganiza kuti ndi khutu. Mwana wa zaka 5 kuzulidwa dzino si chinthu choonerera, ndinatuluka m'chipindamo miyendo ikunjenjemera. Pitirizani adokotala, tikumva.

Bambo a Limbani
Pepani ndilowererepo, chifukwa nkhani ya fluoride ine imandikhudza pathupi. Ndinakula ndikumwa madzi a pachitsime omwe pambuyo pake anadzapezeka kuti ali ndi fluoride wochuluka. Mano anga akutsogolo ndi a bulauni, ena ali ndi timaenje. Azibale anga onse chimodzimodzi. Ndili mnyamata ndinkaseka nditatseka pakamwa ndi dzanja, ndipo pa zithunzi zonse za nthawi imeneyo milomo ndinafumbata. Anthu amaganiza kuti sutsuka mano, pamene ukutsuka tsiku lililonse. Ndiye mukamati ndimupatse mwana wanga fluoride wamphamvu, mtima wanga ukukana. Bola dzino lowola lomwe lidzagwe kusiyana ndi mawanga a moyo wonse.

Make Yamikani
Pepani kwambiri bambo a Limbani. Ndipo ine ndikuikirani kumbuyo pang'ono. Ndimakhala ku Australia, ndipo kuno malangizo a boma ndi osiyana ndi zomwe adokotala anena. Mwana asanakwane miyezi 18 timatsuka ndi mswachi ndi madzi okha, popanda mankhwala. Kuyambira miyezi 18 mpaka atakwanitsa zaka 6 amatiuza kugwiritsa ntchito a ana omwewo, a 500 kapena 550 ppm. Kodi madokotala a kuno onse akulakwitsa?

Adokotala a mano
Ndiyambe ndi bambo a Limbani. Zomwe mwafotokozazo ndazimva, ndipo ndaonapo achinyamata akulira pampando wanga chifukwa cha mawanga omwewo. Simukukokomeza.

Koma tisiyanitse gwero. Mawanga a bulauni ndi timaenje amabwera mwana akamamwa fluoride wochuluka tsiku ndi tsiku, zaka zonse zomwe mano okhalitsa akuumbika m'nkhama, kuyambira ali khanda mpaka cha m'ma zaka 8. Nthawi zambiri gwero lake ndi madzi. WHO inaika malire a mamiligalamu 1.5 pa lita, koma m'madera ena, monga chigwa cha Rift Valley kum'mawa kwa Africa ndi mbali zina za India ndi China, madzi apansi amapitirira malirewo kangapo. Tiyerekeze madzi a mamiligalamu 4 pa lita. Mwana akamwa lita imodzi, walandira mamiligalamu 4. Kanjere ka mpunga kawiri patsiku ndi 0.2. Mukuona kutalikirana kwake. Mankhwala otsukira mano akamezedwa mopitirira, chomwe chimaoneka kawirikawiri ndi timizere toyera tosaoneka bwino, toti mpaka dzino liume ndi pamene umationa.

Ngati mwana wanu akumwa madzi omwe munamwa inuwo, chofunika mwachangu ndi kuyezetsa madziwo ndi kupeza ena akumwa ndi ophikira. Kuwiritsa sikuchotsa fluoride, madzi akamaphwa ndiye amangowonjezeka mphamvu. Makamaka khanda lomwe likumwa mkaka wa m'chitini, madzi osungunulira mkakawo akhale oyezedwa. Ndipo kwa mwana wa dera lotero, za mankhwala otsukira mano mukambirane ndi wa zamano amene akuwadziwa madzi anu. Pamenepo sindingakulamuleni ndili kutali.

Make Yamikani, zomwe mwanena n'zoona, ndipo madokotala a kumeneko sakulakwitsa mwachisawawa. Anthu ambiri ku Australia amamwa madzi a m'mipope othiridwa kale fluoride pa mlingo woyezedwa, ndiye mwana amakhala akulandira kale pang'onopang'ono tsiku lonse. Iwo anaika pa sikelo n'kusankha kuchepetsa wa m'mankhwala. Koma malangizo omwewo amalola dokotala kuyambitsa mankhwala msanga kapena kupereka amphamvu kwa mwana amene ali pa chiopsezo, kapena wokhala kumene madzi alibe fluoride. Kwina anasankha njira ina. Ku England amati osachepera 1000 ppm kuyambira dzino loyamba. Ku America bungwe la madokotala a mano la ADA linasintha mu 2014, n'kunena kuti kanjere ka mpunga kayambe dzino likangotuluka. Bungwe la madokotala a mano a ana ku Ulaya mu 2019 linatinso 1000 ppm mpaka zaka 6, kenako 1450.

Ndinene chilungamo chonse. Ulipo kafukufuku amene sanapeze kusiyana kwenikweni pakati pa 550 ndi 1055 ppm pa mano oyamba. Ulipo wina wa kumpoto chakumadzulo kwa England, komwe ankatumizira mabanja mankhwala aulere mwana atakwana chaka chimodzi mpaka zaka 5, ndipo a 1450 anachepetsa kuwola pamene a 440 sanachepetse. Mwa ana a 1450 aja timawanga toyera tinachulukirako pang'ono, zimenezo sindibisa. Ku Brazil anaonanso kuti kwa mwana amene mano ake alibe vuto, ofookawa amatha kuyenda bwino, koma kwa amene kuwola kwayamba kale amalephera kukuletsa. Tsono vuto n'lakuti kholo silidziwa msanga kuti mwana wake ali m'gulu liti. Pofika poona bowo, nthawi yapita. N'chifukwa chake ine ndimaima pa 1000.

Make Yamikani
Zikomo adokotala poyankha mosabisa. Ine ndipitiriza kutsatira dokotala wathu kuno popeza madzi athu ndi othira kale, koma ndikapitanso ndikafunsa ngati mwana wanga ali pa chiopsezo.

Bambo a Limbani
Madzi omwe tikumwa pano si a chitsime chija, koma sanayezedwepo. Ndiyamba ndi zimenezo. Za mankhwala amphamvuwo mundipatse nthawi, mtima sunavomere.

Aphunzitsi a sayansi
Bambo a Limbani, mwina mudabwa kumva kuti nkhani yonse ya fluoride inayambira pa mano onga anuwo. Mu 1901 dokotala wa mano Frederick McKay atafika ku Colorado Springs ku America, anapeza anthu ambiri ali ndi mano a mawanga a bulauni. Anatha zaka zambiri akufufuza, ndipo anaona chodabwitsa, choti mano amawangawo sankawola wamba. Mu 1931 zinadziwika kuti gwero ndi fluoride wa m'madzi. Kenako dokotala wina wa mano, H. Trendley Dean, anayamba kuyeza madzi a m'mizinda yosiyanasiyana kufuna mlingo woteteza popanda kudetsa mano, ndipo mu 1945 mzinda wa Grand Rapids, ku America komweko, unakhala woyamba kuthira fluoride m'madzi ake. Kuyambira pachiyambi, funso lakhala lomweli lomwe tikukambirana pano, la mlingo.

Mayi wachisamba
Moni akuluakulu. Ine wanga ndi woyamba, ali ndi miyezi 14 ndipo akuyamwabe, usiku kwambiri. Wina anandiuza kuti bere la usiku limawoletsa mano, ndimusiyitse. Zoona? Komanso akangoona mswachi amatseka kamwa n'kutembenuka, mpaka ndimangomusiya.

Agogo a Mphatso
Ayi mwanangu, bere usamusiyitse chifukwa cha mano. Akadali wamng'ono ameneyo.

Adokotala a mano
Agogo anena zoona, musamusiyitse. WHO imalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira, ndipo m'chaka choyamba ana oyamwa bere mano awo amawola mochepa poyerekeza ndi a botolo. Chomwe chilipo n'chakuti akapitirira chaka, akudyanso zina za shuga masana, n'kumayamwa pafupipafupi usiku mano osatsuka, chiopsezo chimakwera. Munthu akagona malovu amachepa kwambiri, ndiye palibe chotsuka asidi. Yankho ndi kutsuka ndi fluoride asanagone tsiku lililonse, osaphonya, ndi kuchepetsa pang'onopang'ono maulendo oyamwa usiku akamakula.

Choopsa kwambiri ndi botolo la zotsekemera. Juwisi, tiyi wa shuga, mkaka wothira shuga, mwana n'kugona nalo m'kamwa. Mano anayi akutsogolo am'mwamba ndi amene amayamba kutha, am'munsi amatetezedwa ndi lilime. Ndipo chowononga kwambiri ndi kubwerezabwereza. Bisiketi imodzi yodyera pamodzi ndi chakudya ndi nkhondo imodzi ya asidi. Bisiketi yomweyo yonyemanyema kuyambira m'mawa mpaka masana ndi nkhondo yosatha. Mankhwala amadzi otsekemera a chifuwa kapena malungo nawonso, mupatseni asanatsuke mano, osati pambuyo.

Make Chikondi
Mayi wachisamba, za kukana mswachi ndikuuzeni zomwe zinandithandiza ine. Osamutsuka ataimirira mukuyang'anizana, simuona kanthu ndipo amathawa. Khalani pansi, mugonekeni chagada mutu uli pa miyendo yanu, inu mukuona m'kamwa kuchokera kumutu. Ndi chala cha dzanja linalo kwezani mlomo wam'mwamba. Pakati pa mlomo ndi nkhama pali kamnofu kopyapyala, mswachi ukakagunda amamva kuwawa, ndiye muzikaphimba ndi chalacho. Wanga ankalira chifukwa cha kamnofu kameneko, nditayamba kukatchinga kulira kunachepa. Mswachi ukhale wofewa, wa kamutu kakang'ono, ndipo muzitsuka mokhudza pomwe dzino lakumana ndi nkhama, pamene zomata zimaunjikana. Mukakhala awiri zimaphwekanso, mumakhala moyang'anizana mawondo atagundana, wina agwira manja akumuyankhulitsa, wina akutsuka. Akalira musaope, kamwa limakhala lotseguka ndipo mumatha msanga. Pakapita masabata angapo amazolowera kuti si zokambirana.

Mayi wachisamba
Zikomo kwambiri achemwali, ndiyesa usiku uno. Nanga popeza sadziwa kulavula, ndizimupatsa madzi ochukucha?

Adokotala a mano
Ayi, madzi musamupatse. Pa msinkhu umenewo sangachukuche, angomeza zonse pamodzi ndi madziwo. Mukatha kutsuka, pukutani thovu lomwe latuluka ndi kansalu koyera, basi. Ngakhale ana okulirapo ndi akuluakulu omwe, lamulo ndi kulavula koma osachukucha. Mukachukucha mwatsuka fluoride yemwe mumafuna atsale pa mano. Kutsuka kwa usiku kukhale komaliza, pambuyo pake madzi akumwa okha ngati ali ndi ludzu, ndipo ngati n'kotheka papite kanthawi.

Make Chikondi afotokoza bwino kuposa momwe ndikanachitira. Powonjezera, mukakweza mlomo uja muziyang'anitsitsa m'mphepete mwa nkhama. Mukaona kamzere koyera kosawala, kooneka ngati choko, kotsata nkhama, kumeneko ndi kuwola koyamba. Pamenepo bowo lisanabwere, fluoride ndi kuchepetsa shuga zimatha kukuimitsa, chikuto n'kulimbanso. Kakasanduka kachikasu kapena bulauni n'kukumbika, ndiye kuti kapitirira.

Bambo a mapasa
Chabwino, ndagonja pa za mlingo. Koma anga ali ndi zaka 4 ndipo amafuna kudzifinyira okha, kudzitsuka okha. Ukawaletsa ndi nkhondo.

Make Chikondi
Kufinya ndiye ayi bambo, chubu chizikhala ndi inu, pamalo poti safikapo. Kutsuka aloleni ayambe okha, inu mumalize. Ine ndimati iwe yamba, amayi amaliza. Ndipo pofinya, finyani mopingasa mswachi osati motsata utali wake, mlingo umachepa wokha.

Adokotala a mano
Ndi momwemo. Dzanja la mwana silitha kufika bwino kumbuyo mpaka zaka 7 kapena 8, ndiye mpaka pamenepo wamkulu azimaliza kapena kuyang'anira. Ndipo bambo a mapasa, zaka ziwiri zikubwerazi mukhale tcheru. Cha m'ma zaka 6 kumbuyo kwenikweni kumamera dzino lalikulu lotafunira mbali zonse zinayi, popanda lina kugweluka. Makolo ambiri amaliyesa loyamba, pamene ndi lokhalitsa. Limatuluka lili lofupika kuposa anzake, mswachi umangolidumpha, ndipo ndi dzino lomwe timalipeza litawola kawirikawiri. Muzilowetsa mswachi cham'mbali kuchokera kutsaya kuti mulifike.

Make Tadala
Ndapita kukayang'ana machubu ena omwe ndinasunga. China palibe ppm, pangolembedwa sodium fluoride 0.22%. China cha ana chomwe ndinapatsidwa palibe mawu a fluoride paliponse. Zimenezi ndizimva bwanji?

Aphunzitsi a sayansi
Cha 0.22% sodium fluoride ndi 1000 ppm, chimenecho n'chabwino kwa Tadala. Mukaona 0.32% ndi 1450, mukaona 0.11% ndi 500. Ena amagwiritsa ntchito sodium monofluorophosphate, pamenepo 0.76% ndiye 1000 ppm. Chomwe sichikutchula fluoride paliponsecho ndiye kuti mulibe, ndi aja amati ophunzitsira mwana kutsuka. Chithunzi cha kutsogolo chisakusokonezeni, alipo a ana omwe ali ndi 1000 kapena 1450 koma ndi kakomedwe kofatsa. Ngati mwana sakana kuyabwa kwa a banja lonse, kanjere ka omwewo kakwana, palibe chifukwa chogulira chubu china.

Bambo a mapasa
Nanga tsiku lina atapeza chubu n'kudya zambiri, chingachitike n'chiyani? Ndi mapasa zimenezi si zosatheka.

Adokotala a mano
Akadya pang'ono, mwina m'mimba mupweteka kapena asanza. Mupatseni mkaka, calcium wa mu mkaka amagwira fluoride kuti asalowe msanga m'magazi. Mlingo womwe timauona kuti ndi woopsa umayambira pa mamiligalamu 5 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Mwana wa makilogalamu 10, amenewo ndi mamiligalamu 50, kutanthauza magalamu 50 a mankhwala a 1000 ppm, kapena ochepera pamenepo ngati ndi a 1450. Ndi gawo lalikulu la chubu, koma mwana amene wakonda kakomedwe akhoza kufikapo. Mukapeza chubu chaphwa ndipo simukudziwa kuti wadya zochuluka bwanji, mupatseni mkaka, musamusanzitse, thamangirani kuchipatala mutanyamula chubucho.

Make Dalitso
Ndakhala ndikungowerenga mwakachetechete koma ndilankhule. Wanga ali ndi zaka 3 ndi theka, mano awiri akutsogolo abowoka kale m'mbali, akuda. Sakudandaula kupweteka. Ndikasintha mankhwala n'kuyamba a 1000 kapena 1450, mabowowo atsekeka? Ndikuopa kupita naye chifukwa ndinamva kuti ana aang'ono amachita kuwagoneka kuti awazule.

Agogo a Mphatso
Pita naye mwanangu asanayambe kulira. Ife tinaona zomwe zimachitika tsaya likatupa.

Adokotala a mano
Make Dalitso, mwachita bwino kulankhula. Bowo lomwe lakumbika kale mankhwala otsukira sangalitseke, chikuto chomwe chagumuka sichimeranso. Koma sinthani lero lomwe, chifukwa amphamvuwo amachedwetsa kuwolako ndipo amateteza mano 18 otsalawo. Mwana amene wabowoka kale mano ndi amene a 500 ppm samukwanira n'komwe. Pa zaka zakezo, njere ya nsawawa, kawiri patsiku, ndipo mswachi uzilowa m'mabowomo.

Za kugoneka musaope, si mwana aliyense, ndipo popeza sakumva kupweteka mwina mtsempha sunakhudzidwe. Pali njira zosafuna jakisoni kapena kuboola. Pali vanishi wa fluoride wa 22,600 ppm yemwe timapaka ndi kaburashi, mphindi zochepa zatha, kawiri pachaka kapena kuposa kwa mwana wa chiopsezo. Pali silver diamine fluoride, kadontho kamodzi pa bowo, yemwe amaimitsa kuwola pa mano ambiri omwe apakidwa. Kuipa kwake n'kwakuti powola paja pamada bii mpaka dzinolo lidzagweluke, ndiye pa mano akutsogolo dokotala ayenera kukufunsani kaye ngati mukuvomera. Palinso chomatira chotchedwa glass ionomer, chomwe timatha kuika titangopala zowolazo ndi kachipangizo ka m'manja, ndipo chimatulutsa fluoride pang'onopang'ono. Ziwiri zomalizazi WHO inaziikanso pa mndandanda uja wa 2021. Zomwe zilipo zimasiyana malo ndi malo, ndiye mukafika funsani kuti ali ndi ziti.

Pokonzekera ulendowo musamuuze kuti sakubaya kapena sizipweteka, mawu amenewo ndi omwe amamuopsa. Mungomuuza kuti akukawerengetsa mano, ndipo mupite m'mawa atadya, asanatope. Koma mukaona kachotupa pa nkhama pamwamba pa dzino, kapena mlomo ndi tsaya zatupa, kapena thupi latentha, musadikire tsiku lomwe munapangana, pitani tsiku lomwelo.

Make Dalitso
Kachotupa palibe, ndakweza mlomo ndaona. Koma kamzere koyera kaja kalipo pa mano ena awiri oyandikana nawo. Ndipita naye Lolemba m'mawa, ndikafunsa za vanishiyo.